Malume a M'foni ya Olipa

Lolemba, 9 Juni

Kuzizira koopsa. Pa asembule ana manja m'khwapa, a hedi osafuna kumaliza. Nkhani zitatu: ochedwa, masiketi aafupi, mafoni. Ya mafoniyo aponyera ine. Akuti poti ndine mphunzitsi wa uphungu, Lachitatu ndikalankhule ndi atsikana a giledi 10 ndi 11 za kudzisamala pa intaneti. Akuti kusukulu ina mtsikana anasowa masiku atatu, n'kukam'peza ku Mwami ali ndi bambo amene anadziwana naye pa foni. Ndavomera. Pamaso pa sukulu yonse ndikanakana bwanji.

Mapepala a jogirafe a 11B, 53. Ndachonga 12. Mwana wina walemba kuti likulu la Malawi ndi Mchinji. Poti n'kumene amayi ake amakaoda zitenje, basi likulu.

Olipa. Mwana wa akulu anga a Ketilina a ku Kasenengwa. Chaka chachitatu ali ndi ine kuno ku Nabvutika, giledi 11 tsopano. Lero watuluka m'chipinda ndi juzi ya yunifomu yatsopano. Yake ija inabooka pachigongono, ndinamuuza kuti adikire mwezi uthe. Ndafunsa. Akuti wam'patsa Fathima, mnzake wa m'kalasi. Wayankha akumanga zingwe za nsapato, maso pansi.

Fathima ndimam'dziwa. Kamwana kochepa thupi. Juzi imeneyo itakhala yake ingam'fike m'mawondo. Ndaona.

Lachitatu, 11 Juni

Phunziro lija lachitika mu holo. Atsikana oposa 200, mabenchi osakwana, ena pansi. Ndalemba malamulo anayi pa bolodi ndi zilembo zazikulu. Loyamba: dzina lako lonse, sukulu yako, kumene ukhala, nthawi imene uweruka, si za munthu wa pa foni. Lachiwiri: amene sunamuonepo ndi maso ndi mlendo, ngakhale akudziwe dzina. Lachitatu: chithunzi chikachoka sichibwerera. Lachinayi: wina akakulembera zokayikitsa usafufute, jambula sikirini, onetsa wamkulu.

Ndamaliza ndi mwambi umene amama ankaukonda: ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ndati pa intaneti phazi ndi mlomo zonse zimatsala. Aomba m'manja. A hedi akuti ndikabwerezenso kwa makolo pa msonkhano wa mwezi wamawa. Ndinadzimva, ndisaname.

Olipa anakhala kumbuyo, cholembera m'manja, osalemba. Anzake akuseka, iye ayi.

Potuluka ndam'kola Fathima pakhonde. Ndangoti zikomo chifukwa cha juzi. Iye: "Juzi iti, madamu?" Kenako wakumbuka msangamsanga, akuti eya, juzi ija. Wachedwa, mwana wanga.

Mtima wanga uli kwa achimwene a Whiteson. Mlongo wathu mmodzi yekha, malume ake a Olipa, mwini mbumba. Sankafuna kuti mwanayu abwere kutauni. Tinawanyengerera miyezi iwiri, amama ali moyo akutithandiza. Anavomera ndi mawu awa: "Ndikangomva za mwamuna, ndibwera kudzam'tenga. Khasu lake lilipo." Ndipo a Whiteson sanena kawiri. Amama kulibe tsopano, wotinenerera palibe. Mwanayu watsala ndi chaka chimodzi ndi theka kuti amalize. Amati akufuna kudzakhala dokotala wa ziweto, chiyambire chaka chija mbuzi za kwawo zinatha ndi matenda.

Lachinayi, 12 Juni

Ofesi yanga ya uphungu, yomwe ndi sitolo ya matsache ndi mipira yophulika, lero inadzaza. Atsikana asanu ndi awiri, mmodzimmodzi. Wina pasiwedi yake ali nayo mnyamata amene anasiyana naye. Wina anatumiza nambala ya chitupa cha amayi ake kwa munthu wolonjeza ntchito. Wina amangofuna kudziwa ngati ndikauza makolo.

Mafoni saloledwa pasukulu, ndiye ndimajambula papepala. Kachizindikiro kozungulira, ka dziko: ndiye kuti aliyense akuona zimene walemba, mpaka wakuba wa ku Lusaka. Timitu tiwiri: anzako okha. Loko: iwe wekha. Ndawauza akafika kunyumba achotse kadziko. Onse alonjeza. Theka achita, ndikuwadziwa.

Ana a eni akubwera okha kudzaulula. Wanga wadutsa pakhomo pa ofesi kawiri, osayang'anamo.

Loweruka, 14 Juni

Kuchapa. Madzi abwera 10 koloko, 11 koloko atha. Magetsi chimodzimodzi.

Foni ya Olipa. Ndi yanga yakale, ndinam'patsa mu Disembala kuti azilankhula ndi amayi ake. Kusukulu sapita nayo, imakhala m'sutikesi. Bandulo ndimam'gulira kamodzi pamwezi, kakang'ono, kotha sabata imodzi. Lero ndi pa 14, iye akuonerabe mavidiyo a bayoloji. Bandulo yanji yosatha imeneyi?

Ndayesa kuitsegula iye atapita ku msika wa Kapata kukagula tomato. Pasiwedi yasintha. Inali chaka chake chobadwa. Ndayesa katatu, foni yandiuza kuti ndidikire. Ine amene ndimauza ana kuti asinthe pasiwedi, lero ndakwiya kuti mmodzi wandimvera. Ndaibwezera mmene inalili, chaja pamwamba.

Ndikuganizira mnyamata wa giledi 12. Kapena wa njinga yamoto uja amaimika pa kona, wa magalasi akuda ngakhale kuli mitambo. Dzana anam'patsa moni Olipa, moni wautali. Koma ameneyo angagulire munthu juzi, yekha akuyenda ndi jekete yong'ambika?

Lamulungu, 15 Juni

Tabwera ku Misa yoyamba. Iye kubafa, foni pa chaja pawindo. Yawala. Sindinaigwire, Mulungu ndi mboni, ndangowerama.

Dzina: Malume H. Uthenga: "Kanyenje, wadya?"

Ndinakhala pa thumba la makala, ndi chitenje cha kutchalitchi chomwe.

Kanyenje. Dzina limenelo ankaitana amama okha. Olipa ali khanda ankalira osapuma ngati nyenje ya mu Okutobala, ambuya akewo n'kum'patsa dzina. Kusukulu palibe alidziwa. Kutchalitchi palibe. Ine ndemwe silinatulukepo pakamwa panga chiikireni amama m'manda mu Febuluwale.

Ndipo malume ake ndi mmodzi. W, osati H. Foni yawo ndi ya mabatani, yomanga ndi mphira, ndipo salemba uthenga, amangoimba n'kumakuwa.

Sindinam'funse lero. Ndinaopa pakamwa panga. Nyemba ndapsereza.

Lachiwiri, 17 Juni

Ndinam'funsa dzulo titaweruka. Chitseko chotseka, foni pa tebulo. Analira kaye, kenako anatsegula.

Akuti ndi a Howard Mbewe. Akuti mwana wa a Agnesi, akulu awo a amama, aja anakwatiwa ku Migodi, kokumba mkuwa, kalekale osabwerako. Ngati zili choncho ndiye ndi mlongo wanga, malume ake enieni. Anamulembera pa Fesibuku sabata imodzi pambuyo pa maliro, kenako anasamukira pa Watsapu. Akuti pamaliro analipo, anaima kumbuyo ndi amuna. Ndipo amadziwa zonse. Kuti mvula inagwa pa nthawi ya Misa. Kuti lole yonyamula bokosi inatitimira padambo, anthu n'kusenza pamapewa. Kuti Olipa ndiye anagwira mtanda, atavala chitenje chabuluu cha ambuya ake. Uthenga uliwonse: mbumba yanga, mbumba yanga.

Oyamba a pa Fesibuku akuti anafufuta foni itadzaza. A pa Watsapu ndawerenga onse, miyezi itatu. Mawu otukwana palibe ngakhale amodzi, ndipo ndicho chandiopsa kwambiri. Poyamba wadya, werenga, pemphera. Kenako bandulo. Kenako ndalama ya juzi, koma atumize kaye chithunzi chake ataimirira mu yunifomu kuti aone saizi. Anatumiza. Baji ya sukulu ikuoneka, geti lathu kumbuyo. Kenako: umaweruka nthawi yanji, umadzera njira iti, anti ako amachoka liti pakhomo. Anayankha zonse, mwaulemu, ndi zikomo kumapeto. Womaliza: Loweruka pa 28 akakumane pa siteshoni ya Kapata. Ali ndi fomu ya basale ya ku Lusaka, thandizo lolipirira sukulu. Abwere yekha.

Bwanji osandiuza? Akuti anamuuza kuti anayambana ndi a Whiteson nkhani ya munda, ndiye zikhale za awiri mpaka basale ituluke. Nkhani ya munda. Banja liti lilibe nkhani ya munda.

Nanga atamva phunziro langa, bwanji osam'buloka? Anandiyang'ana ngati ndanena zamisala. "Anti, munthu ungabuloke malume ako?"

Anayamba kunena kuti, koma inunso anti... Ndinam'dula. Ndinati asayerekeze kundilowetsa m'zopusa zake. Foni ndalanda, ili m'chikwama changa.

Chondisowetsa mtendere: a Agnesi anapitadi ku Migodi. Ndipo pamaliro paja panali nkhope zambiri zachilendo. Pamaliro safunsa munthu kuti ndiwe yani, amangom'patsa pokhala. Mwina ndikukwiyira m'bale wanga weniweni. Koma m'bale wanji wofunsa kuti anti achoka liti?

Lachinayi, 19 Juni

Ndaimbira a Ketilina pa buleki, ndili kuseri kwa labu. Netiweki ya kwawo mpaka akwere pachulu. Ndafunsa mozungulira: kodi a Agnesi aja anasiya ana? Apita kukafunsa okalamba. Masana yankho: ana aakazi awiri, wina anamwalira, wina ali ku Kitwe. Wamwamuna ayi. Dzina loti Howard palibe analimvapo.

Si m'bale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kulakwa kwanga, ndinaiwala kuti a Ketilina sasunga mawu. Anandipanikiza, ndinawauza pang'ono. Pasanathe ola a Whiteson aimba. Foni ndinaichotsa kukhutu, ndikumvabe. Sanafunse kuti mwana ali bwanji. Akuti akamaliza kugulitsa nsawa akubwera, Loweruka pa 28, am'peze atalongedza. Ndinati mwanayo ananamizidwa. Iwo: "Mwamuna wam'gulira juzi, iye n'kuvala. Iwe Rhoda, ukufuna ndidikire mimba?"

Ndinachonderera. Ndinatchula mayeso, ndinatchula amama. Pomaliza anati: "Mfiti silowa pakhomo popanda wa m'nyumba kuitsegulira. Ngati sanatsegule ndi mwanayo, undionetse amene anatsegula."

Ndiye mpata ndi umenewo. Wina anam'patsa munthuyu dzina lija, wina wodziwa za kwathu. Masiku asanu ndi anayi. Ndim'peza.

Loweruka, 21 Juni

Ndalemba maina kumapeto kwa buku lino. Woyamba: a Ukasha, bambo ake a Fathima, okonza mafoni ku Down Shops. Foni ya Olipa inagona kwa iwo masiku awiri sikirini itasweka. Okonza mafoni amaona zonse, aliyense amadziwa. Ndipo mwana wawo anandinamiza za juzi.

Ndapita. Sindinanene mwachindunji, koma munthu wamkulu amamva. Ndinati n'zodabwitsa kuti foni ikachoka pa shopu, zinsinsi zake zimayamba kuyenda zokha. Anavula magalasi, anandipatsa mpando. Anafunsa kuti uthenga woyamba unabwera liti. Febuluwale. Foni inabwera kwa iwo liti. Malichi. Ndinasowa poika maso.

Komabe anandithandiza. Anafufuza tsamba la Howard pa kompyuta yawo. Chithunzi, bambo wa suti womwetulira, akuti n'chakuba, achipezanso pa tsamba la munthu wina wa kunja kwa dziko lino. Anzake a pa tsambalo pafupifupi onse atsikana a yunifomu. Katete, Petauke, Lundazi. Onsewo ndi mbumba yake?

Anati ndipite kupolisi, ndisamuyankhe, ndisafufute kanthu. Lamulo langa lachinayi, kuphunzitsa ine. Ndikutuluka anawonjezera: "Madamu, anthu awa salosera. Amatola zimene wina wagwetsa."

Ndathokoza. Koma dzina lawo sindinalifufute, ndangoikapo kadontho. Munthu wodziwa kwambiri njira za akuba nayenso ndimam'kayikira.

Lamulungu, 22 Juni

Ku mphakati kwa a Zulu. Pa mapemphero ndinatsegula diso limodzi, kuyang'ana amene anapita nafe kumaliro pa minibasi. Asanu ndi mmodzi. Onse maso otseka, nkhope zoyera. Ndinachita manyazi, koma ndinawawerengabe.

Lolemba, 23 Juni

Masewera a sukulu Lachisanu, ndiye maphunziro a masana kulibe, ana kuthamanga m'fumbi. Andiika poyeza nthawi, ndi wotchi imene imaima ikafuna. Mapepala a 11B sindinamalizebe.

Fathima sakhalanso benchi limodzi ndi Olipa. Bambo ake amuuza za ulendo wanga, n'zodziwikiratu. Olipa wadya mbatata yake yekha kuseri kwa kalasi. Ndamuonera pawindo la stafurumu. Wabwerera ku juzi yobooka ija, yatsopano waipinda n'kuiika pakhomo pa chipinda changa.

Wachiwiri pa maina: a Sakala, aphunzitsi a makompyuta. Ndiwo amalowetsa maina a ana, masiku obadwa, midzi, manambala a makolo. Osakwatira, mafuta onunkhira mpaka pakhonde, mafoni awiri. Munthu mmodzi mafoni awiri achitira chiyani? Pa tiyi ndinawayesa. Ndinangonena mokweza kuti kaya nyenje zapita kuti chaka chino, maso anga pankhope pawo. Iwo: "Mu Juni, madamu? Dikirani Okutobala." N'kupitiriza kuviika chitumbuwa mu tiyi. Mwina ndi osalakwa. Mwina ndi akatswiri.

Howard walemba kawiri. "Mbumba yanga wakhala chete bwanji." "Usaiwale Loweruka." Foni ikanjenjemera m'chikwama ndimamva ngati ndanyamula njoka.

Lachitatu, 25 Juni

Kupolisi ndi Olipa. Kwa a hedi ndinangoti tili ndi vuto la pabanja. Ndinene bwanji, wa uphungu, mwana wa m'nyumba mwake momwe.

Wapolisi wamkazi, wodekha. Walemba zonse, wajambula mauthenga, nambala akuti aifufuza. Loweruka atumiza anthu awo ku siteshoni, Olipa asayandikeko. Anam'funsa kuti anakhulupirira bwanji munthu amene sanamuonepo. Olipa anayang'ana ine, n'kuyang'ana pansi. Anati sakudziwa.

Kuyang'ana kumeneko sindinakukonde. Akubisa wina.

Bayoloji wapeza 81, woyamba m'kalasi. Sanandionetse. Pepala analipinda n'kuliika pansi m'sutikesi, ndalipeza ndikufufuza. Inde, ndikufufuza. Mabuku wayamba kale kumanga ndi chingwe, mitolo iwiri. Sanadandaule, sanapemphe. Wangofunsa ngati a sukulu akabweze yekha Lachisanu kapena ndikabweza ndine. Ndinam'kalipira kuti palibe akubweza kanthu. Ndinalowa kuchipinda ndisanalire pamaso pake.

Ganizo loipa landifikira: a Whiteson eni ake. Ndani adziwa Kanyenje, lole, chitenje, a Agnesi? Ndani akufuna mwanayu kumudzi? Sadziwa kulemba pa foni, koma odziwa m'mudzi alipo. Ndipo bwanji asankha pa 28 pomwepo? Mlongo wanga wa bere limodzi. Ndalemba dzina lawo, ndafufuta, ndalembanso.

Lachisanu, 27 Juni

Masewera. Fumbi, wezulo, ana kukuwa. Amene wapambana sindinamuone.

Ndinaganiza: ngati Howard analipodi pamaliro, nkhope yake yeniyeni ili m'zithunzi. Mwina ndiona mlendo ataima pafupi ndi a Whiteson. Ndinapereka wotchi kwa a Sakala, ndinakakhala pansi pa mtengo kuseri kwa bwalo, ndinatsegula Fesibuku yanga. Chiikireni amama sindinabwerereko pa zimene ndinalemba, zimandiliza.

Zithunzi 14. Pamwamba mawu anga. Mvula ya pa Misa. Lole yotitimira padambo. Dzina la mudzi. Kuti amama atsatira akulu awo a Agnesi amene anagona ku Migodi. Pambali pa tsiku, kachizindikiro kozungulira. Kadziko. Komwe kaja ndinkajambulira atsikana papepala. Sindinatseke dala, ndinkafuna abale akutali amve.

Mauthenga opepesa 263. Ndinayankha onse mmodzimmodzi, ndili pamphasa m'siwa, maso otupa. Munthu akakupepesa sungam'siye chilili.

Pakatikati, dzina lija. Howard Mbewe.

"Pepani alongo, tataya mayi. Ndine mwana wa a Agnesi. Kodi mwana wagwira mtandayo ndi wa yani? Nkhope ya malemu yeniyeni."

Pansi pake, Rhoda Mwanza. Ine.

"Zikomo achimwene. Ndi Olipa wa a Ketilina, mbumba yanu imeneyo. Akhala ndi ine ku Nabvutika, ali giledi 11 pasukulu pomwe ndiphunzitsa. Ambuya ake ankamuti Kanyenje."

Ndi kamtima kumapeto.

Ndawerenga kasanu. Sindikukumbuka ndikulemba. Koma mawuwo ndi anga, ndi mmene ndimalembera. Mbumba yanu. Ndinam'pereka ndi manja awiri.

A Ukasha. Fathima. A Sakala. Anthu a ku mphakati. Mlongo wanga. Ndi Olipa amene ndinam'dula pakamwa.

Anabwera kudzandiitana kuti ndikapereke mphatso kwa opambana. Ndinapita, ndinagwira ana chanza, ndinamwetulira pa chithunzi.

Loweruka, 28 Juni, m'mawa

Ndadzuka 5 koloko, ndasesa pabwalo posesa kale. Howard walemba 6 koloko: "Ndanyamuka, mbumba yanga." Ndatumiza kwa wapolisi uja. Za ku siteshoni kaya zitha bwanji.

Ndilembe zoona, buku lino ndi langa. Maganizo anga anali awa: kukanikiza kamodzi, yankho langa lija lichoka. Palibe adzadziwe. Kwa a Whiteson ndinena kuti apolisi akufufuza. A hedi akundidikira kwa makolo, mphunzitsi wa malamulo anayi. Ndipo achimwene akadziwa sadzaiwala, adzazinena pamaliro aliwonse mpaka anga.

Ndinakhala pa sitepe ya kukhitchini, foni m'manja. Ndinakanikiza. Foni inandifunsa ngati ndatsimikiza. Olipa anali kumbuyo kwanga ndi beseni, sindinamumve akubwera.

Sanadabwe. Ndicho chandipweteka. Akuti Howard anam'tumizira chithunzi cha yankho langalo tsiku loyamba lomwe, kuti aone kuti anti ake amam'dziwa, amam'tchula achimwene. Ndiye anakhulupirira. Ndani sakanakhulupirira? Ndinafunsa chifukwa chake sananene, kupolisi, kwa amayi ake, masiku onsewa ine ndikuloza anthu zala. Anaika beseni pansi. "Ndinayesa, munandiletsa. Ndiye wamkulu ungam'neneze bwanji pa anthu?"

Akanabwerera kumudzi ali chete, kusunga ulemu wanga. Ulemu womwewo unam'letsa kubuloka malume.

Ndinalira, iye osalira. Anayang'ana pa foni, funso lija likudikirabe. "Lamulo lachinayi, anti." Basi, n'kutola beseni lake.

Sindinafufute. Ndajambula sikirini katatu. Ndakuza zilembo kuti achimwene awerenge okha. Kadziko ndachotsa. Lolemba ndikapepese kwa a Ukasha, Fathima ali pomwepo. Kupolisi ndikawonjezere. Kwa makolo ndidzayambira pa ine, ngati a hedi adzandilolebe.

Kaya achimwene amva. Mwina anena kuti m'nyumba motsegulira mfiti sasiyamo mwana, n'kum'tengabe. Ndamuuza Olipa kuti amasule mabuku. Wamasula mtolo umodzi, winawo wausiya.

Njinga yamoto yaima pa geti. Chipewa cha achimwene a Whiteson. Akufuulira kunja komweko ngati mbumba yawo yalongedza. Foni ili m'dzanja langa, yotsegula pomwe pali dzina langa. Ndiwapatse kaye madzi akumwa kapena